Kambuzi wa pa Bembeke

Tsiku limene ndinabwera naye pa njinga, m'katoni ya sopo,
anthu a pa siteji anaseka mpaka kugwira nthiti.
A Chidzanja anati,
Kodi ameneyu ndi galu kapena nsapato yomera ubweya?
Ine pakamwa tseke.
Sabata yomweyo makoswe anali atandiboolera
matumba anayi a mbatatesi ngati sefa.

Anandisiyira ndi mzungu wa za nkhalango ku Chongoni
ulendo wakwawo utakwana.
Anati mtundu wake ndi teriya,
makolo ake ankakhala kutsidya kwa nyanja, dziko la miyala ndi chisanu,
kulowa m'mauna kukatulutsa nkhandwe,
kutha makoswe m'makola a ng'ombe.
Dzina limene anam'patsa linandipinda lilime,
ndiye ndinamutcha Kambuzi,
poti tsabola uja kuchepa amachepadi
koma ukamutafuna umaitana amako.

Msinkhu wake umalekeza pa katumba ka mwendo wanga.
Ndevu ngati mkulu wa mpingo,
makutu tcheru, mchira njo,
ubweya wokhakhala ngati chingwe cha khonje.

Usiku woyamba m'sitolo ndinangomva
gwedegwede, tswii, kenako zii.
Kutacha ndinapeza makoswe asanu ndi awiri
atandandalikidwa pakhomo
monga amachitira anyamata a mbewa m'mbali mwa msewu,
mwini ntchito atakhala pambali
kudikira malipiro.

Milandu nayo ali nayo, ndisaname.
Anafukula bedi lonse la kabichi m'dimba la a Nangozo
kulondola mfuko imodzi,
ndipo ndinalipira ndi theka la thumba.
Amauwa thiraki yopita ku Lilongwe ngati angaimeze.
Chigalu cha ku chigayo, chachikulu ngati thole,
chimadzera njira ya kuseri chikamuona.
Akagwira fungo, kumuitana n'kuitana mwala.
Ndinayesapo kamtyole kamodzi,
anandinyanyala masiku atatu.
Kachidutswa ka chiwindi ndiye kanamuphunzitsa kukhala pansi.

A Kamtengeni, alangizi a ziweto, anandilembera m'kabuku:
jakisoni wa chiwewe chaka ndi chaka,
mankhwala a njoka za m'mimba,
mafupa a nkhuku ayi, amabaya matumbo.
Anawonjezera pakamwa kuti ndiziyenda naye,
galu wotere ukamumangirira amapenga ndi ulesi.
Choncho m'mamawa timakwera kaphiri ka kuseri kwa tchalitchi,
iye patsogolo, ine ndi mawondo angawa pambuyo.

Loweruka ndimamupesa
ndi chipeso chothyoka mano chimene anasiya malemu akazi anga,
kuzula chisoso m'ndevu,
kufufuza nkhupakupa kuseri kwa makutu.
Amang'ung'udza ngati mwana wometedwa ndi lumo lobuntha
koma sachoka pamiyendo panga.

Mwezi wa Juni nkhungu ikatsika m'phiri
amanjenjemera mpaka mano kugundana.
Ndinadula mkono wa juzi yanga yakale,
n'kuboola malo a miyendo, n'kumuveka.
Ana a sukulu amakuwa, Abwana atchena!
Iye amayenda monyang'wa ngati wamva.

Zaka khumi zatha tsopano.
Ndevu zija zachita imvi, dzino limodzi linatsalira pa thabwa.
Dzana a Chidzanja anabwera chipewa chili m'manja,
ati makoswe awathera chimanga,
mwina ndingawabwereke kagalu masiku awiri.
Ndinati, Achimwene, nsapato sabwerekana.
Tinaseka tonse, kenako ndinam'perekeza ndekha,
ndipo ndinagona komweko pa matumba,
chifukwa popanda ine sadya.

Usiku uno wagona pa chiguduli pafupi ndi mbaula.
Timiyendo take tikupalasa m'tulo,
akukumba una umene ine sindikuuona,
kaya ndi wa m'dimba la a Nangozo,
kaya wa kwawo kwa makolo ake kumene sanafikeko.
Ndamufunditsa pang'ono.
Panja mphepo ya Dedza ikuyesa chitseko.