Madzi m'foni

Pa Copacabana, kunsi kwa masitepe,
pomwe ndimatumbula mafoni a anthu,
Sungeni wandibwereka khutu limodzi la mahedifoni ake.
Nyimbo za makatuni a ku Japan:
piyano ikudontha ngati denga lathu la ku Mbare,
kenako azeze makumimakumi n'kudzuka pamodzi
ngati wina wasiyidwa ndi sitima.
Mtsikana akuyimba. Sitikumvapo liwu ndi limodzi lomwe,
koma Sungeni akupukuta m'maso ndi kolala ya yunifolomu.

Masana kwabwera mayi wa ku Norway,
foni yake itagwera m'ndowa.
"Vann," watero, akuloza nkhungu ya pagalasi.
Akuti kutsidya, ku Denmark, amati vand,
a ku Sweden vatten,
Iceland idasunga vatn osasokapo chigamba:
ana a bere limodzi
ogawana malaya a malemu,
aliyense n'kupinda mikono mwakemwake.
Finland yokha ndiyo ya mpanda umodzi
koma mtundu wina.

Ndaseka.
Kuno mnzanga akandipempha mvura
ndimayambabe ndayang'ana kumwamba,
poti bambo adabwera ndi mvula yawo kuchokera ku Dedza
ndipo sinkamwedwa m'kapu.

Foni yauma, yayaka.
Mayi walipira, wapita.
Sungeni wabwereza nyimbo ija kachitatu,
akuyimba motsatira, mawu akuphonya,
Chijapanizi cha m'kombi ya ku Mufakose,
ine ndili chogwada kunsi kwa benchi
kufunafuna kasikuluwu
kamene kandipulumuka muja piyano imayamba.