Kope la Olongolola

Teremu yachiwiri, mvula ili pachimake,
a Kanyenda anagwa ndi njinga potsetsereka ku Santhe,
mwendo m'chikhakha milungu isanu.
Sitandade 5 tinatsala tokha,
mitu zana limodzi ndi isanu ndi inayi,
choko zidutswa zitatu.

Ahedi analowa, natiyeza ndi maso,
naloza Tiferanji,
kamtsikana kosafika n'pawindo pomwe,
diresi la mkulu wake lopinda kawiri m'munsi.
Kope ili, bolopeni iyi.
Wolongolola aliyense, lemba.

Woyamba kulembedwa ndinali ine,
wa zaka khumi ndi zinayi, wobwereza kawiri,
zala zakuda bii ndi utomoni wa fodya
amene ndinkasoka m'chigafa tambala asanalire.

Pa buleki anandipeza kuseri kwa mjigo.
"Dzina lako ili. Uliwerenge, ndilifufute."
Ndinayang'ana.
Linthumbu lokhalokha kudutsa pa pepala.
Ndinati maso akundithethetsa, ndi utsi wa dzulo.
Sanaseke.
Akanaseka bwenzi nditam'menya, nkhani n'kutha.

M'mawa mwake anabwera ndi jumbo ikulira wayawaya,
zitsekero za mabotolo zotola pa golosale,
chilichonse chilembo chake m'mimba.
Anaziyala pa fumbi, pansi pa mthethe:
sa, i, wa, le.
Nanga uyu woima yekha kutsogoloyu?
"Ameneyo ndi M, mlonda wa dzina lako,
salankhula, amangong'ung'udza."
Msaiwale.
Ndinalitchula ngati ndikuitana munthu wa tsidya lina.

Sabata isanathe tinali magulu asanu ndi awiri,
lililonse mthunzi wake, mtsogoleri wake.
Gulu la Chawezi linkaimba matebulo ngati nyimbo ya pamtondo.
Gulu la Kaduya linkangokangana.
Ena ankathawabe kukatola mafulufute.

Lachitatu masana, kalabu ya dimba,
zinthu zinatembenuka.
Tiferanji anazula mbande ngati akuzula chisoso,
mizu yonse pululu.
Ndinati leka, thirira kaye nazale,
nyamula ndi dothi lake, woka dzuwa litapendeka.
Anapukuta manja, natsegula kope kumapeto,
nalemba: Wapampando wa dimba.
Ndinawerenga ndekha, ngakhale zinanditengera nthawi.
Mpiruwo mbuzi za a Nachisale zinadya theka.

Pa mpikisano wa masipelo ndi sukulu ya tsidya la Bua
tinapita wapansi, nsapato m'manja.
Ananditchulira "nkhwangwa".
Chida chimene ndachigwira chikhalire!
H ndinamusiya panjira.
Tinagonja ndi mapointi awiri,
ndipo pobwerera palibe anandiyankhula
kufikira pamene Kaduya anandinyemera chinangwa.

A Kanyenda atabwera, ndodo gogodo gogodo,
anaitanitsa kope, chikwapu chili kale pa tebulo.
Anatsegula tsamba, lina, linanso.
Maina analimo, inde,
koma lililonse m'dzanja la mwini wake,
ena opendama, ena zilembo zoyang'ana kumbuyo.
Anakhala chete.
Kenaka anafunsa komwe kunapita choko chawo.

Tsiku lotsekera Tiferanji anakhala nambala 3,
analira, ankafuna 1.
Ine 61. Ndinathamanga njira yonse.

Kunyumba ndinapeza akudinda mabelo.
Fodya yense uja, misana yathu yonse ija,
atasokerera m'ziguduli, inki yakuda pamwamba.
Ndinaika chala, kutsata chilembo ndi chilembo
monga pa fumbi paja.
Linali dzina la bwana wa esiteti.
Ndinazungulira belo mbali zonse zinayi.
La bambo panalibe.

Ndinatola khala pa phulusa,
ndinalemba pa nsanamira ya chigafa,
pang'onopang'ono, lilime panja.
Bambo anaima kumbuyo kwanga, jeke ili m'manja.
"Walemba chiyani pamenepo?"
Ndinati, ndi inuyo.
Anayandikira, nayang'ana nthawi yaitali.
"Ndiye ndimatalika chonchi?"