Usaitsuke Kaye

Mnyamata wa pa Katoto, tula ndowa pansi,
usaitsuke kaye.
Ndiyambe ndaiwerenga galimotoyi
usanafufute zomwe msewu walembapo.

Si yaikulu ngati za mabungwe zija,
zoyera mbee, za mlongoti pamphuno.
Si kaja kokhula mimba pa chitunda chilichonse.
Ndi yapakatikati, ngati malipiro anga.
Inalowera pa Songwe itatopa kale kwawo,
ukaliza imakupatsa moni m'chinenero cha eni ake,
ndipo ngongole yake yatsala miyezi khumi ndi umodzi.

Zaka ziwiri inkadziwa njira zitatu:
kuntchito, kutchalitchi, kumaliro.

Tsiku lonyamuka, chifunga cha ku Mchengautuwa
chinali chitameza mpanda wa aneba.
A Harawa anasuzumira pazenera, bulangete lili kumutu:
"Nyumba muli nayo, yamalata,
mukukagona m'thengo mwalakwira ndani?"
Nyuma anangoseka, n'kuponya tenti ya pakaunjika kumbuyo,
pambali pa zigubu ziwiri za petulo
zomwe ndinazichezera pamzere ku Luwinga,
mbaula, mbatata, khofi wa kuno,
ndi kalendala yakale yomwe mayi ake
anajambula njira kuseri kwake ndi bolopeni yofiira.

Fumbi ili m'mphepete mwa chitsekoli ndi la ku Bolero.
Linalowa mpaka mu shuga.
Mkwasa uwu ndi wa ku Vwaza:
njovu inangotambasula makutu,
ine giya yobwerera ndinaipeza mochedwa,
nthambi n'kutisainira.
Kadontho aka pagalasi ndi kashembe,
magazi ake ndi anga omwe.

Ku Nyika tinakhoma tenti mphepo ikutilanda zingwe.
Pakati pa usiku chisanu chinatitulutsa ngati mwini nyumba,
tinapinda mipando n'kugona m'galimoto,
mapazi anga akugunda chitseko,
mpweya wathu ukusanduka madzi pagalasi.
M'mawa Nyuma anapukuta ndi mkono wa juzi:
mbidzi zisanu ndi imodzi zikutiyang'ana
ngati tabwera kudzapempha mchere.
Sitinayankhule. Ngakhale foni inali chete,
netiweki tinaisiya pa Thazima.

Tayala ili si lathu.
Lathu linaphulika kotsetsereka,
jeke n'kumira m'dothi.
Bambo wina wa njinga, Fiskani, anatsitsa thumba la nyemba,
anatola mwala wafulati, anagwada,
ndalama anakana,
anangopempha machesi.

Fungo lopsereralo ndi mabuleki a ku Gorodi.
Nyuma ankawerenga makona mokweza,
anasokoneza pa khumi ndi atatu
chifukwa anatseka maso.
Mpando umene anakhalawo si wake.
Chaka chathunthu ankakana kukhalapo,
ankakwera kumbuyo ngati ndine wa takisi.
Pa Ekwendeni, tikupita, anangotsika kukagula nzimbe,
pobwera anatsegula chitseko chakutsogolo,
n'kukankhira mpando kumbuyo pang'ono,
poti miyendo yake yapitirira ya mayi ake.
Ine ndinayang'ana msewu kwambiri.

Masiku khumi ndi awiri.
Mzere wofiira uja sitinaumalize,
petulo anatibweza tisanafike ku Misuku.
Dzulo magetsi a Mzuzu anatulukira patsogolo
ngati makala omwazika pabwalo,
ndipo a Harawa anatiwerenga miyendo ndi manja
asanatipatse moni.

Tsopano tsuka.
Chotsa matope kunsi, sesa njere za udzu m'makapeti,
mchenga, makoko a mtedza, sokosi imodzi ilibe mnzake.
Koma galasi lakumbuyo ulisiye.
Zalembedwa ndi chala pafumbipo si zachibwana:
ndi mayina a malo amene atsala.
Mvula ikafuna idzafufuta yokha.

Ndiye undichotsereko mtengo, aise,
galasi limodzi sukutsuka.