Dzino Lili M'kabotolo

Linali dzino chabe, Evaristo,
la kumapeto kwenikweni, kumanzere.
Tsaya linatupa ngati ndavumata dzira,
dokotala wa pa doko la Talcahuano n'kupukusa mutu:
wotupa chonchi salowa pansi pa nyanja.
Iwe unaseka mpaka kutsokomola,
n'kutenga bedi langa,
lija lam'mwamba, loyandikana ndi mabatire.
"Ukachira udzandigulire mowa."

Sitima yathu, namgumi wachitsulo, yakuda bii,
inamira mwadala monga mwa masiku onse.
Kumira ndiyo ntchito yake.
Ndani amalira maliro poona bakha wamiza mutu?

Akuti madzi analowera pa paipi ya mpweya,
n'kugwera mabatire, moto n'kubuka,
utsi n'kusowa zenera lothawira.
Akuti, akuti.
Akuluakulu a nyenyezi m'mapewa
amadziwa kutafuna mawu osawameza.
Koma ine m'katimo ndimadziwamo ngati m'thumba mwanga:
mapazi khumi ndi anayi kuchoka pa bedi kufika pa chitseko,
ndi lamulo lija tinaliloweza tonse:
moto ukabuka tseka,
ngakhale mnzako akugogoda kuseri.
Anakutsekera ndani?
Kapena unatseka wekha, uli mkati?

Ndinakakamira kukwera nawo sitima yokufunafunani,
zomvera zili kukhutu, thonje likadali m'kamwa.
Usiku wachitatu ndinamva:
go, go, go.
Sipanala pa chitsulo.
Ndinakuwa. Anathamanga, anatchera khutu,
n'kunena kuti ndi nkhanu,
kapena unyolo wa nangula wathu womwe.
Usiku wachinayi nyanja inangoti zii.

Manda ulibe.
Anaponya nkhata za maluwa pa mafunde,
malipenga analira, mfuti zinayankha.
Pa mwala pali mayina makumi atatu ndi asanu ndi awiri.
Langa anachita kulikhwacha m'kaundula Lolemba lija
n'kulemba lako pamwamba pake.

Eduvigis sandida, ndiye chondipweteka.
Anandipatsa jekete lako,
akuti lingadyedwe ndi njenjete.
Mapewa ake amandikulira.
Kamwana kako kayamba kugweruka mano;
dzulo kanandionetsa mpata, kakunyada,
kenaka kanafunsa ngati pansi pa nyanja pamagwa mvula.

Dzinolo analizula.
Lili m'kabotolo, pa shelefu,
koma lilime limangobwererabe pamene linali,
kufufuza, kufufuza.

Mowa uja ndinagula, Evaristo.
Mabotolo awiri.
Langa ndinatsegula, silinatsike kukhosi.