Dzina la Wogwa

Pa Chinkhoma, kuseri kwa chigayo cha a Nyirongo,
pali chisakasa chokutidwa ndi mapepala akuda
momwe timalipira mahandiredi awiri
kuti tione mizinda ya ku Amereka ikupsa.

Dzulo usiku mwini filimu analumpha
kuchoka pa nsanjika ya makumi atatu,
nadzuka, nasasa fumbi pa jekete,
tsitsi lili chipesere.
Tonse m'manja: phuphuphu!

Koma Yelemiya, wotchera jenereta,
anandinong'oneza: Wagwayo si iyeyo.
Amalemba waganyu,
msinkhu womwewo, malaya omwewo,
nkhope amaibisa.
Magaziwo ndi manyuchi othira utoto,
koma nthiti zimathyoka zenizeni.

Filimu itatha anthu anathamangira pa chiwaya
tchipisi chisanathe.
Ine ndinatsala.
Mayina ankakwera ngati nyerere pa khoma,
timalemba ting'onoting'ono, mazanamazana,
ine maso tong'o, kufuna la wogwa uja.
Mafuta anatha. Mdima bii.

M'mawa uno ndasenza mabelo a fodya
yemwe ndinawokera, ndinapalira, ndinasoka ndekha.
Pa chiguduli alembapo dzina la bwana
ndi nambala yake ya ku okushoni.
Msana ukundiwawa cha kumanzere.

Iwe wogwa wa ku Holiwudi,
kaya uli ndi ana angati,
kaya amakulipira pa tsiku
kapena umadikira pakutha pa nyengo ngati ine,
Loweruka ndibweranso.
Ndamugulira Yelemiya theka la lita.
Ndidzakhala pa benchi ya kutsogolo
mpaka dzina lomaliza.