Matiresi Amodzi ku Rosettenville

Tili awiri m'chipinda chino, koma matiresi ndi amodzi.
Yotamu amalondera usiku ku Booysens,
ine masana ndimatsuka magalimoto a eni.
Iye akamalowa, ine ndikumanga nsapato;
moni wathu ndi wapakhomo, wochepa ngati chenje.
Yatha miyezi khumi ndi inayi.

Ndimamudziwira pa zimene wasiya:
kadzenje ka phewa lake pamatiresi,
fungo la mafuta otikitira mawondo,
theka la buledi limene amati waiwala
pomwe tonse tikudziwa kuti sanaiwale.
Za lendi timakambirana pafoni.
Dzina la mkazi wake sindinafunsepo.

Nanunso, Ambuye, takhala motero.
Ndimakulonjerani choimirira, dzanja lili pachitseko,
pemphero lothamangira takisi ya ku Bree.
Lamulungu ndimaimba mokweza m'galaja muja ku Turffontein
mmene ngakhale mipando ndi yobwereka,
koma mukati musendere, ine maso pa wotchi.
Munthu wopanda mapepala
amazolowera kusayang'ana aliyense m'maso,
ndi Inu nomwe.

Lachitatu lija ndinafika magetsi atathima,
ndinapunthwa pa majombo ake. Sanapite kuntchito.
Anali khale pakona, yunifolomu ili m'thupi.
"Mwana wanga amuika lero ku Ntcheu," anatero.
"Ndaonerera maliro pafoni
mpaka bandulo yandithera ali pakati pa nyimbo."

Ndinafunafuna vesi, mavesi onse anabalalika.
Ndinati ndinene kuti limbani mtima,
mawuwo anandichititsa manyazi akadali m'kamwa.
Ndinangokhala pansi,
phewa langa kugunda lake.
Kunja jenereta ya mwininyumba inkatsokomola,
wina ankakalipira mnzake m'Chizulu,
galimoto ya apolisi inadutsa osaima.

Pakati pa usiku anatchula dzina: Tinenenji.
Zaka zisanu ndi chimodzi.
Anamusiya akungophunzira kuyenda,
ndipo mwanayo ankamutcha ababa a m'foni.
Tinenenji. Inde, tinenenji?
Kenaka zanga nazo zinatuluka zokha:
kuti kwathu amadziwa kuti ndimagwira mu ofesi,
kuti chitumizireni ndalama ndi pa Pasaka,
kuti foni ya mkazi wanga ikamalira ndimaiyang'ana
mpaka itatopa.

Tinapemphera mopanda dongosolo,
iye kuyamba, mawu kumukanika pakhosi,
ine kutolera pomwe wasiyira,
ngati anthu awiri okweza kabati pamasitepe,
kupumira pakona iliyonse.

Sindinaone kuwala. Sindinamve liwu.
Magetsi anayaka mbandakucha, babu n'kutipeza
ndi maso otupa, mamina ali pamalaya.
Koma matiresi aja, opapatiza, osakwana awiri,
usiku umenewo anatikwana,
ndipo ndikhulupirira kuti sitinali awiri okha.

Masiku ano ndimadzuka kusanache
kuti ketulo iwire iye asanagogode.
Mphindi khumi basi, nthawi zina khumi ndi zisanu,
iye tulo tikubwera, ine tulo tikuchoka.
Dzulo wandiuza dzina la mkazi wake, Esinta.
Ine ndayankha foni ya wanga, ndamuuza za magalimoto;
anakhala chete nthawi yaitali, koma sanadule.

Mpando tilibe, Ambuye.
Khalani pa ndowa yovundikirayo, musamale chogwirira.
Makapu ndi awiri okha,
Inu mumwera mwanga.
Takisi ikandisiya, ikubwera ina.