Asilikali Ochuluka

Tinenenji waodzera pampando wapulasitiki,
jekete la kusukulu lafunda mawondo.
Chipatala cha Doncaster, Lachiwiri,
mvula yowaza ija yosadziwa kukata.

Sabata yathunthu anabisa.
Moto pokodza, kuthamangira kuchimbudzi
kanayi pa phunziro limodzi la masamu,
mpaka aphunzitsi anamulemba m'buku la amwano.
Mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu
angayambe bwanji nkhani ya kumusi
kwa mayi wofika m'bandakucha
akununkha sopo wosambitsira makolo a eni?

Mapiritsi anamwa onse, ndinkawerenga ndekha.
Mkodzo unayera, ululu unasamuka.
Koma lero Dokotala Hargreaves
watembenuza kompyuta kuti ndidzionere:
maselo oyera m'magazi akadali pamwamba.
Chala chake chili pa nambala yofiira.

Ine nambala ndimazidziwa.
Ku Zingwangwa tinkawerenga chotsika.
Mlongo wanga Fanuwelo ndi kabuku kake kopindika,
asilikali a m'thupi mazana awiri,
kenako makumi asanu ndi anayi,
kenako sitinafunsenso.
Ndinatha mawondo pasimenti:
Ambuye, muonjezereni asilikali, ngakhale khumi okha.

Ndiye awa afika lero?
Achedwa zaka makumi awiri,
asochera nyumba, awoloka nyanja,
adzadzana m'mitsempha ya mwana
amene malume ake amawadziwa pachithunzi.

Pali funso landitsamwa ngati munga wa nsomba.
Dokotala waliona pakhosi panga.
Akuti nthawi zina nkhondo ikatha
asilikali sabwerera msanga kumudzi,
amayendayendabe, kusuzumira m'makwalala.
Tiyezanso pakatha masabata awiri.
Akatentha thupi, msana ukawawa cha ku impso,
musadikire kuti kuche.

Masabata awiri.
Ndawapinda pamodzi ndi pepala la magazi,
ndaika m'chikwama, pafupi ndi khadi la basi.

Pasiteji mphepo ikulowa m'mafupa.
Ndamupatsa botolo la madzi, wakwinya nkhope.
Imwa.
Mami, ndamwa kale, akutero
m'Chichewa chake chopunduka miyendo.
Imwanso.

Akumwa, maso ali pafoni.
Ndikuona kholingo likukwera, likutsika,
ndipo chamumtima ndikulankhula nawo alendowo:
zikomo pobwera, mwagwira ntchito,
koma mwana uyu ali ndi mayeso Lolemba.
Pitani bwino tsopano.
Mukakumana ndi Fanuwelo panjira
mumuuze kuti munafika.

Basi yachedwanso.